Chilomwe cha Akazi Anga

Ine kumudzi ndinali mphunzitsi wa Chifalansa, ndipo ndineneretu kuti sindinali mphunzitsi wamba. Ndikalowa m'kalasi ana ankaimirira, ndikatsegula pakamwa mawu ankatulukira m'mphuno monga amafunira eni ake. Kuno ku South Bend, m'dera la Indiana ku America, ntchito yanga ndi yokankha odwala pa mipando ya matayala, kuwachotsa kuwodi, kupita nawo kojambula, kuwabweza. Sindidandaula, ntchito ndi ntchito. Koma Chifalansa changa chinakhala zaka zambirimbiri chili chopindidwa ngati suti ya ukwati, chikudikira tsiku lake. Ndiye mutha kumvetsa mmene mtima wanga unadumphira pamene mwana wa mlongo wanga anabwera ndi nkhani yakuti wapeza mnyamata wa ku Haiti.

Mtsikanayu tinamulera ife. Mayi ake anatisiya iye ali wamng'ono, ndipo titakhazikika kuno tinamuitanitsa. Anaphunzira unamwino, n'kupeza ntchito ku Indianapolis, ndipo mnyamatayo anakumana naye komweko. Mnyamata wake wabwino, waulemu, wodya chilichonse chimene wapatsidwa osafunsa kuti n'chiyani. Vuto linali mayi ake. Mnyamatayo ananena poyera kuti sangakwatire mayi akewo asanavomere, chifukwa anamulera okha, ndi manja awo, pophika zakudya zogulitsa. Ndipo mayiwo anali atakana kale kawiri. Osati kukana kwaphokoso ayi. Mwana wathu akafika ankamupatsa mpando, n'kumupatsa chakudya, n'kubwerera kukhitchini osanena kanthu. Mnyamata akafunsa ankangoti nthawi sinakwane. Chaka chinatha nthawi isanakwane. Mtsikana anayamba kuwonda tikuona, ndipo tsiku lina anatiuza kuti ulendo wachitatu ukalephera amusiya mnyamatayo, chifukwa sangakhale pakati pa munthu ndi mayi ake. Ananena akuseka, koma ine ndinamulera, ndimadziwa kuseka kwake kwenikweni.

Monga malume, unkhoswe unali wanga. Mtsikanayo ndinamuuza kuti apukute maso, nkhaniyi yafika kwa mwini wake. Ku Haiti si amalankhula Chifalansa? Mnyamata anayesa kundichenjeza pa foni kuti mayi ake amalankhula Chikiliyo, chilankhulo cha anthu onse kwawoko, ndipo mwina zikanakhala bwino ndikanangolankhula Chingerezi iye n'kumamasulira. Ndinamudula pakamwa. Ndinati Chikiliyo ndi mwana wa Chifalansa, ndipo ine ndikupita ndi bambo wake. Anangoti chabwino malume. Ndikanamvetsera chenjezo lakelo.

Ndinalemba mawu anga masamba awiri. Munali za mayiko awiri otalikirana, za nyanja, za mitima ya achinyamata, za ulemu wa banja lathu. Ndinkawayeserera m'bafa pa galasi, mpaka akazi anga anagogoda n'kufunsa ngati ndadwala chimfine.

Apa ndiyenera kunena za akazi angawa, chifukwa popanda iwo nkhaniyi palibe. Iwo ndi Mlomwe wa kumunsi kwa phiri la Mulanje, koma Chilomwe sachidziwa. Makolo awo ankachilankhula okhaokha, akafuna kubisa nkhani, ana n'kumawalankhula Chichewa, poopa kuti kusukulu akawaseka. Chimene akazi anga anatola ndi timawu tochepa timene bambo awo ankatiponya pakati pa Chichewa. Kukazizira ankati kuli fuleti. Kumanga chinthu ndi chingwe ankati amale. Kukoka ankati hale. Pakati pa chinthu ndi pa mitani. Zovala ndi haladi. Timawu timeneti anabwera nato m'banja, ndipo amatisunga ngati ndolo za mayi awo. Akakwiya ndi ana amati chotsani haladi zanu pa mitani pa nyumba, ndipo ana athu, amene Chichewa amangomva koma kuyankha m'Chingerezi, amadziwa kuti pamenepo zavuta. Ine ndine Mchewa wa ku Dowa. Atandiuza tili pachibwenzi kuti chimenechi ndi Chilomwe, ndinavomera, n'kuyamikira kuti n'chokoma. Munthu pachibwenzi amavomera zambiri.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, nyengo ya sinowo, ine pa chiwongolero, akazi anga pambali, mtsikana kumbuyo atagwira foni ndi manja awiri. Msewu wochoka ku South Bend kupita ku Indianapolis ndi wowongoka, minda ya chimanga yokhayokha itagona pansi pa sinowo, ndiye ndinaona kuti ndi mpata wabwino wobwereza mawu anga. Ndinabwereza kanayi. Tikuyandikira tauni ya Kokomo akazi anga anati ndikayambanso kachisanu nditsitse iwo, atsala ayenda wapansi.

Malo odyera a mayiwo ali pa msewu wa Lafayette, pakati pa shopu ya mafoni ndi saluni yoluka tsitsi. Tinafika asanatsegule. Mtsikana tinamusiya m'galimoto injini ikulira kuti asazizidwe, poti mwini nkhani sakhala pamene ankhoswe akukambirana. Ndikutseka chitseko anandigwira mkono wa jekete n'kunena kuti malume chonde musakwiye msanga. Ine? Kukwiya? Ndinamuuza kuti asandinyoze.

M'kati munali fungo la nkhumba yokazinga ndi nthochi, la tsabola wothyola mphuno. Mnyamata anatilandira n'kutitengera pa tebulo la kumbuyo, pafupi ndi khitchini. Mayi ake anatuluka akupukuta manja. Anali aafupi, a mikono ya munthu wonyamula mapoto, mpango kumutu, magalasi atalendewera pa kachingwe. Anatipatsa moni ndi mutu n'kukhala.

Ndinaimirira, ndinakonza tayi, ndinayamba. Abale, ndinathyola Chifalansa tsiku limenelo. Ndinkadzimva ndekha ngati wailesi. Mawu aliwonse anagwa pamalo pake, mphuno inagwira ntchito yake, ndipo pa gawo la nyanja ndinatambasula dzanja mpaka ndinatsala pang'ono kugwetsa botolo la tsabola. Nditamaliza tsamba loyamba ndinasuzumira nkhope ya mayiwo kuti ndione ngati misozi yayamba. Nkhope inali gwa. Magalasi anali atawavala, ndipo ankandiyang'ana ngati mmene amayang'anira nyama yokayikitsa ku butchala.

Nditakhala pansi mayiwo ananena timawu titatu. Mnyamata anamasulira kuti mayi akuthokoza kwambiri chifukwa cha ulendo wautali umene tayenda ndiponso mawu abwino amene akhudza mtima wawo. Ine ndinaphunzitsapo zilankhulo, ndimadziwa kuti mawu atatu sangabereke makumi awiri. Ndinamupanikiza kuti anene zoona. Anayang'ana pansi n'kunena kuti akufunsa ngati mwamaliza.

Magazi anakwera. Koma ndinakumbukira mwana ali m'galimoto, ndinameza, n'kuganiza kuti mwina ndinathamanga kwambiri. Ndinayambanso, pang'onopang'ono, liwu limodzilimodzi, monga ndinkachitira ndi ana a fomu wanu. Kumeneko ndiye kunali kuthira mafuta pamoto. Ndili pakati pa chiganizo mayiwo anaimirira n'kupita kukatakasa mphika. Anabwerera, anakhala, anapinda manja. Mnyamata thukuta linali kamukamu ngakhale kunali kozizira. Ndinanong'oneza akazi anga kuti tiyeni tizipita, ine sindinayendere ulendo wonsewu kudzachititsidwa manyazi ndi munthu wokazinga nthochi. Anandiponda phazi pansi pa tebulo, kuponda kwenikweni.

Tsono chitseko cha kumbuyo kwa khitchini chinali chowonongeka loko. Mphepo ikawomba chinkatseguka, kuzizira konse kwa Indiana n'kulowa kudzatipeza pa tebulo. Mnyamata ankapita kukachikankha, n'kubwerera, icho n'kutsegukanso. Chitatseguka kachitatu akazi anga analephera kupirira. Anadzikumbatira n'kundiuza mokweza, poganiza kuti palibe wina akumva: "Inu, fuleti ameneyu atipha. Pezani chingwe mukachite amale chitsekocho."

Mutu wa mayi aja unatembenuka ngati waitanidwa dzina.

"Frèt?" anatero.

Akazi anga anadabwa. Anati eya, fuleti, n'kunjenjemeretsa mapewa kuti asonyeze. Mayiwo ananjenjemeretsanso awo, n'kubwereza liwu lija. Kenako anamasula kachingwe ka epuloni, anakakweza m'mwamba, anamanga mfundo, n'kunena kuti mare. Akazi anga anaimirira mpando n'kugwa kumbuyo. Anati amale! Mayiwo anati mare! Ine ndi mnyamata tinangoyang'anana.

Zimene zinatsatira sindingathe kuzifotokoza mwadongosolo, chifukwa dongosolo panalibe. Akazi anga anamenya pakati pa tebulo n'kunena kuti mitani. Mayi aja anamenyanso pomwepo n'kunena kuti mitan, n'kuyamba kuseka, kuseka kwa pansi pa mimba kumene sindinkaganiza kuti kungatuluke mwa munthu ameneyo. Akazi anga anagwira dzanja la mnyamata n'kumukoka, akunena kuti hale, hale. Mayiwo anagwira dzanja linalo n'kukokera kwawo, akuti rale, rale, mwana wa eni n'kumagwedezeka pakati ngati thumba. Kenako akazi anga anatsina jekete yanga, ya suti yanga yabwino, n'kunena kuti haladi. Apa panavuta pang'ono. Mayiwo anapendeka mutu. Akazi anga anatsinanso tayi, anatsina mpango wawo, anatsina epuloni. Mayiwo anawomba m'manja n'kunena kuti rad. Anabwerezana kangapo, uyu haladi uyu rad, mpaka anagwirizana kuti ndi chinthu chimodzi, wina wangochidya mutu.

Pamenepo akazi anga anatembenukira kwa ine maso ali ngwee, misozi ikulengeza. Anati bambo a ana, mayiwa akulankhula Chilomwe. Anati mwaona, anthu awa ndi athu, anatengedwa ukapolo kudzera ku Mozambique, ndi Alomwe awa, magazi amodzi. Analamula mnyamata kuti amasulire msanga. Mnyamata anamasulira, ndipo mayi ake anagwira pachifuwa. Anati agogo awo ankanena nthawi zonse kuti m'Chikiliyo muli mawu ochokera ku Africa, koma sanaganizepo kuti tsiku lina munthu adzalowa nawo pakhomo atawanyamula. Azimayi awiriwo anakumbatirana pakati pa matebulo, akudumphadumpha, wina akulira m'Chichewa wina m'Chikiliyo. Mbale zinayamba kubwera zokha. Nkhumba, nthochi, mpunga wakuda wa bowa, kabichi wa tsabola amene anandichotsa chimfine cha m'bafa chija. Chitseko chinamangidwa ndi chingwe cha epuloni, anamanga onse awiri.

Ine ndinali kutafuna, koma mutu unali kwina. Liwu lija la mare linali litandikola. Nditalimva m'kamwa mwa mayiwo, lopanda Chichewa chomwe akazi anga amalikutira nacho, linandikumbutsa liwu lina limene ndinkalidziwa m'mabuku: amarrer, kumangirira sitima padoko. Ndipo rale, hale, si haler kodi, kukoka chingwe cha ngalawa? Thukuta linayamba kundituluka ine tsopano. Zaka zonsezi, mphunzitsi wa Chifalansa, ndakhala ndikutumidwa m'Chifalansa m'nyumba mwanga momwe, n'kumayamikira kuti Chilomwe n'chokoma.

Mphunzitsi akadziwa yankho, kukhala chete kumamupweteka ngati chithupsa. Lilime linkayabwa. Koma ndinayang'ana azimayi awiri aja akudyetsana nthochi, ndinaganiza za mwana ali panja m'galimoto, ndipo ndinaona kuti ubale wonsewu waima pa kulakwitsa kumeneku. Mayiwa Chifalansa changa anachikana pamaso panga. Ndikawauza kuti chimene akuchikumbatirachi ndi Chifalansa chomwecho, si ndiye kuti ndaphwanya ndekha? Ndinaganiza zofa nacho chinsinsi. Ndinadzaza nkhumba m'kamwa kuti pasatuluke kanthu.

Koma akazi anga akasangalala safuna kusangalala okha. Anatulutsa foni n'kunena kuti aimbira bambo awo kumudzi, amve okha kuti Alomwe apezeka ku America. Ndinayesa kuwaletsa. Ndinati kumudzi kwada, anati ayi ndi nthawi ya chakudya chamadzulo. Ndinati netiweki imavuta, anati mng'ono wawo ali ndi foni yabwino. Ndinati madala atopa, anandifunsa kuti chakuvutani n'chiyani. Foni inalira kawiri, ndipo nkhope ya apongozi anga inadzaza galasi lonse, chifukwa iwo foni amaiyika pamphuno.

Akazi anga anafotokoza mothamanga, mawu akugundana. Anaonetsa mayi aja, mayiwo anagwedeza dzanja. Kenako anayamba kutchula timawu tija kamodzikamodzi kuti bambo awo atsimikize. Apongozi anamvetsera, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, foni n'kugwa, ife n'kumaona denga la malata. Atayitola anapukuta maso n'kunena kuti: "Mwana wanga, Chilomwe cha kuti chimenecho? Amenewo ndi mawu a bulazala."

Anafotokoza. Ali mnyamata ankagwira ntchito ya ukalipentala pa mishoni, pansi pa bulazala wina wa Katolika, m'bale wa mpingo wosakhala wansembe, wachikulire wa ku France, wa kumadzulo, kufupi ndi nyanja. Mzunguyo Chichewa chinamukanika moyo wake wonse, ndipo pa ntchito ankangolankhula chakwawo. Pocheka thabwa ankaloza pakati n'kunena mitani. Pokweza mitengo ya denga ankakuwa hale, amale. Chiperoni chikatsika m'phiri ankadandaula fuleti tsiku lonse. Anyamata onse a mu shedi anatola mawuwo, ndipo apongozi anapita nawo kunyumba. Ana sanafunse, iwonso sananene. Anawonjeza kuti liwu la Chilomwe la kuzizira lilipo, akafuna awauza, koma si limenelo.

Akazi anga anakhala pansi pang'onopang'ono. Ndinawamvera chisoni, zoona, chifukwa cholowa chawo chonse cha Chilomwe chinali timawu timeneti, ndipo tinapita pa foni imodzi. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndinkadziwa. Ndinati ndadziwira pano, pakati pa nkhumba ndi mpunga. Anati ndiye mumaphunzitsa chiyani ana a eni zaka zonse zija? Funso limenelo mpaka lero sindinaliyankhe.

Patapita masabata ndinakakhala mu laibulale ya mumzinda kufufuza, chifukwa manyazi a mphunzitsi amachira ndi mabuku. Ndinapeza kuti apongozi ananena zoona. Kumadzulo kwa France, madera a Poitou ndi Saintonge ndi oyandikana nawo, anthu a kumidzi anali ndi kalankhulidwe kawo, kosiyana ndi ka ku Paris kamene ife tinkaloweza. Madoko a sitima zopita kutsidya kwa nyanja anali komweko, ndiye ambiri mwa amalinyero, alimi ndi akapitawo amene anawoloka ananyamula kalankhulidwe kameneko, osati ka m'mabuku. N'chifukwa chake mpaka lero ku Canada kukazizira amati frette pamene buku limati froid, ndipo ku Louisiana ndi ku zilumba mawu a pa sitima anatsikira pamtunda, munthu n'kumamangirira nsapato ndi liwu lomangirira ngalawa. Akapolo a ku Haiti anamva mawu amenewa kwa owazunza, anawaumba mwawo, n'kumangira chilankhulo chatsopano. Ngakhale za haladi ndinazipeza. Liwu lake ndi hardes, limene buku limati ndi nsanza koma kumidzi kuja ndi zovala basi. Anthu akumeneko h amamutchula kukhosi mwamphamvu, ndiye makutu a ku Haiti anamva r n'kupanga rad, makutu a ku Mulanje anamva h n'kuwonjeza zawo. Liwu limodzi linatuluka pakhomo limodzi, lina kulowera kumadzulo ndi sitima, lina kummwera ndi mzungu wa macheka, n'kudzakumana pa msewu wa Lafayette. Ndinaseka ndekha mu laibulale mpaka mayi wa pa desiki anandiyang'ana.

Koma zimenezo ndi za pambuyo. Pa tebulo paja panalibe choseketsa. Foni itadulidwa, mayi aja ankayang'ana uku ndi uku, akufuna kudziwa chimene chazimitsa chisangalalo. Anafunsa mwana wawo. Mnyamata Chichewa sadziwa, ndiye anayang'ana ine. Ndikanatha kunama. Ndinaganizadi zonama, kunena kuti madala avomera, tonse ndife Alomwe, tiyeni tipitirize kudya. Koma ukwati woyamba ndi bodza la nkhoswe sindinaufune, ndipo akazi anga bodzalo sakanalisunga ngakhale mpaka pa galimoto. Ndinafotokoza zonse m'Chingerezi chosavuta, mnyamata n'kumamasulira. Ndinanena kuti mawuwo si a ku Africa. Ndi Chifalansa, cha mzungu wina wa kumudzi.

Mayiwo anavula magalasi. Anawapukuta ndi epuloni. Mumtima ndinati basi, ndaphetsa mwana. Kenako anafunsa funso limodzi, ndipo mnyamata anamasulira ndendende, osawonjeza: mzungu ameneyo akamalankhula choncho, azungu anzake ankati chiyani?

Akazi anga anaimbanso. Apongozi anati aa, ankamuseka. Ansembe ophunzira a pa mishonipo ankati amalankhula ngati woweta ng'ombe, ndipo pa tebulo la chakudya iye ankangokhala chete. Ankamasuka mu shedi mokha, ndi anyamata ake.

Mnyamata atamasulira, mayi ake anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva za m'bale wake. Kenako anatembenukira kwa ine, anandiyang'ana m'maso, n'kuyamba kulankhula Chifalansa.

Abale anga. Chifalansa chake chosalala, choyera, chopanda fupa, choposa changa kutalitali. Ndinamva nkhope ikutentha mpaka m'makutu. Anati mawu anga onse anawamva, kuyambira nyanja mpaka mitima ya achinyamata, ndipo pa tsamba lachiwiri ndinalakwitsa mneni mmodzi. Anati anaphunzira kwa masisitere, kumene mwana akagwidwa akulankhula Chikiliyo ankamupatsa kachizindikiro koti asunge mpaka agwire mnzake, ndipo wotsala nako madzulo ankalangidwa. Anati kwawo munthu akakulankhula Chifalansa iwe uli pa mphika, sakukupatsa moni, akukuuza pamene iye ali ndi pamene iwe uli. Atafika kuno analumbira kuti pakhomo pawo sadzachilankhulanso.

Mawu amenewo anandilasa ine. Chifukwa nanenso ndinkachita zomwezo. Pasukulu pathu mwana wolankhula Chichewa tinkamulemba dzina n'kumupatsa khasu, ndipo ine ndinali m'gulu la aphunzitsi olemba mwachangu. Ndinawauza zimenezo. Sindikudziwa chifukwa chake, zinangotuluka, m'Chifalansa chophotchoka ngati cha mwana wa fomu wanu. Anandiyang'ana n'kunena kuti tsopano ndiye ndayamba kulankhula.

Kenako ananena chimene chinali pansi pa zonse. Anati mtsikana wathu alibe naye chifukwa. Ndi mwana wabwino, amadya bwino, amatsuka mbale asanauzidwe. Chimene ankaopa ndi nyumba imene mwana wawo akalowe. Anamva kuti ndi banja la anthu ophunzira, anamwino, aphunzitsi, ndipo ankadziona tsiku la ukwati, ndi masiku onse otsatira, atakhala pakona ngati mpando, anthu akulankhula zapamwamba pamutu pawo, adzukulu akuwadutsa. Ine nditaimirira ndi tayi ndi mapepala anaona kuti mantha awo anali oona. Koma mayi awa, anatero akuloza akazi anga, anagwetsa mpando chifukwa cha chingwe cha epuloni. Nyumba imene muli munthu wotere angathe kukhalamo.

Akazi anga sanamve kalikonse, ndiye ankandikoka jekete kuti akuti chiyani, akuti chiyani. Ndisanamasulire mayiwo anafunsa kuti mtsikanayo ali kuti. Nditanena kuti ali m'galimoto panja, chifikireni, anakuwa. Anati mwasiya mwana panja nyengo ino maola onsewa, inu anthu muli bwino? Ndinayesa kufotokoza za mwambo wa unkhoswe. Sanadikire. Anatuluka ndi epuloni yopanda chingwe, osavala jekete, ife tonse pambuyo pawo ngati anapiye.

Ine ndinali nditakonza kuti zikayenda bwino ndidzatuluke ndi nkhope yachisoni, ndimuzunze mwanayo pang'ono ndisanamuuze, monga amachitira amalume. Mpata umenewo sindinaupeze. Mtsikana anationa tikubwera, mayi aja patsogolo akuponda sinowo ndi masilipasi, ndipo ndinaona nkhope yake ikugwa. Anaganiza kuti abwera kudzamuuza okha kuti asadzabwerenso. Anazimitsa injini, anatuluka, anaima chilili pambali pa galimoto manja ali kumbuyo, atakonzeka kulandira.

Mayiwo anafika n'kumugwira masaya ndi manja awiri. Analankhula Chikiliyo, mawu ochepa, ndipo mtsikana anayang'ana mnyamata kuti amasulire. Mnyamata analephera kudzigwira, anatembenuka n'kuyang'ana shopu ya mafoni, mapewa akugwedezeka. Akazi anga sanadikire womasulira, anayamba nthungululu pomwepo pa malo oimika magalimoto, azimayi a mu saluni n'kutuluka ndi tsitsi loluka theka. Mwana wathu anayang'ana ine.

"Malume, akuti chiyani?"

Chikiliyo sindichidziwa. Koma ndinali nkhoswe, ndipo kamodzi kokha tsiku limenelo ndinamasulira bwino.

"Akuti lowa m'nyumba, mwana wanga."